Kodi ndalama zanga za ku banki zikuthandiza kuwononga kwathu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Phalombe amene akukhala ku Britain. Walemba motere:

"Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Namondwe wa Freddy anagumula nyumba ya mayi anga, ndipo mlongo wanga wamng'ono sitinamupeze mpaka lero. Sabata yatha ndinapeza achinyamata atanyamula zikwangwani pakhomo pa banki yanga. Akuti bankiyi imapereka ndalama ku makampani okumba mafuta ndi malasha, ndipo n'zimene zikubweretsa anamondwe kwathu. Chiyambire tsiku limenelo tulo sindikutiona. Malipiro anga amalowa momwemo, ndalama yomangira mayi nyumba ina ndikusunganso momwemo. Kodi zimenezi n'zoona? Kodi nane ndili ndi mlandu? Nditseke akaunti?"

Achemwali, pepani. Maliro amene simunaike m'manda salola mtima kukhala pansi, ndipo kulira muli kutali, kumene kulibe wodzakhuza, n'kowawa kawiri. Mwafunsa za banki, koma sindikanayamba kukamba za ndalama ndisanatchule mlongo wanuyo.

Tsono pa funso limene likukulandani tulo: mulibe mlandu. Munthu wolandira malipiro a pamwezi sangakhale ku Britain wopanda akaunti, ndipo palibe tsiku limene banki inakuitanani kudzakufunsani ngati mukuvomera kuti ikongoze kampani ya mafuta. Komanso kuyambira mu 2019 malamulo a dziko limenelo amakakamiza mabanki akuluakulu kulekanitsa nthambi yosunga ndalama za anthu wamba ndi nthambi yochita malonda akuluakulu a pamisika ya ndalama. Choncho kandalama ka nyumba ya mayi kamene mukuunjikako, nthawi zambiri kamazungulira m'ngongole za anthu ogula nyumba ndi mabizinesi a m'dziko momwemo. Ndikuti nthawi zambiri, chifukwa nthambi ziwirizo mwini wake ndi mmodzi, phindu limakathera m'thumba limodzi, ndipo dzina labwino limene banki imapeza posunga ndalama za anthu ngati inu limaithandiza pa malonda enawo. Koma kuchoka pamenepo kufika ponena kuti inu munathandiza kugumula nyumba ya mayi anu, ayi, mtunda wake ndi wautali zedi. Katundu ameneyo mumutule.

Achinyamata a zikwangwani aja sakunama. Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu dipatimenti yoona za ngongole m'banki, kenako ndinayamba kulangiza magulu a alimi ofuna ngongole za ulimi wamthirira, ndipo chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira n'chakuti mgodi wa malasha, chitsime cha mafuta kapena paipi ya gasi sizimangidwa ndi ndalama za m'thumba mwa kampani. Zimamangidwa ndi ngongole. Ngakhale makampani olemera kwambiri amabwereka, chifukwa ntchito ya madola mabiliyoni ambiri imene phindu lake lidzabwere patapita zaka, palibe amene amafuna kuisenza yekha. Ndiye amene akuvomereza ngongoleyo akusankhiratu zimene zidzakhale zikufuka utsi zaka 30 kapena 40 zikubwerazi. Anthu amaona chumuni, saona siginecha imene inaimika chumunicho.

Chaka chilichonse mabungwe angapo, kuphatikizapo Rainforest Action Network ndi BankTrack, amatulutsa lipoti lotchedwa Banking on Climate Chaos, limene limawerengera ndalama zimenezi. Lipoti la mu 2025 linapeza kuti mabanki 65 akuluakulu padziko lonse apereka madola 7.9 thililiyoni ku makampani a malasha, mafuta ndi gasi kuchokera mu 2016, kutanthauza kuti pambuyo poti mayiko avomereza pangano la ku Paris mu December 2015 lochepetsa kutentha kwa dziko. Mu 2024 mokha anapereka madola 869 biliyoni, kuposa chaka cha 2023. Patsogolo panali JPMorgan Chase ya ku America ndi madola pafupifupi 53 biliyoni m'chaka chimodzi, ndalama zoposa katatu chuma chonse chimene Malawi amapanga pachaka. Pambuyo pake panabwera Bank of America, Citigroup, Mizuho ya ku Japan ndi Wells Fargo, ndipo ku Ulaya yotsogola inali Barclays ya ku Britain. Mabanki ena amatsutsa kawerengedwe ka lipotili, amati limaphatikiza ngongole za makampani amene amachitanso zina. Madandaulo amenewo alipo ndithu, koma ngakhale mutachotsapo gawo lalikulu, chotsala ndi phiri.

Manambala otere amangolira m'makutu, choncho tiwayeze ndi muyeso wakwathu. Freddy atadutsa mu March 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo kafukufuku wa boma ndi mabungwe othandiza anapeza kuti kukonzanso zimene zinawonongeka kufunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Mukagawa madola 869 biliyoni aja ndi masiku a chaka, mupeza kuti ndalama yokonzera milatho, masukulu, zipatala ndi nyumba zonse za ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu, Blantyre ndi Nsanje, mabankiwa amaipereka ku makampani a mafuta pasanathe maola 7. Shifiti yanu imodzi isanathe.

Ndisakunamizeni kuti banki inayake ndiyo inatumiza Freddy. Anamondwe analipo kale. Inu a ku Phalombe mukudziwa za napolo wa mu 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi, nkhani ya kusintha kwa nyengo isanafike n'komwe pa wailesi. Nafenso tili ndi mbali yathu: mitengo ya m'phiri la Soche inatha, nyumba zinakwera mpaka pamalo pamene makolo sankamangapo, ndipo madzi atabwera anapeza nthaka ili yosagwira. Chimene asayansi akutsimikiza n'chakuti utsi wa malasha, mafuta ndi gasi ukutenthetsa mpweya ndi nyanja, ndipo mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti. Chinyezi chimenecho chimayenera kugwa penapake. Gulu la asayansi la World Weather Attribution litafufuza namondwe wa Ana wa mu January 2022, uja anawononga damu la magetsi la Kapichira, linapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula yake. Freddy anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe aliyense amene analembedwapo. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, kenako ng'amba ya mu 2024 imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Munthu asanamalize kufolera, china chafika.

Ndipo apa m'pamene pali kusowa chilungamo kumene mwamva achinyamata aja akutchula. M'Malawi mmodzi amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku mafuta ndi malasha wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pachaka. Munthu wa ku America amatulutsa matani pafupifupi 14. Africa yonse siifika 4 peresenti ya utsi wa dziko lapansi. Mayi anu, amene mwina moyo wawo wonse sanakwereko ndege, ndi amene anagona m'kalasi pa msasa.

Koma mbali imene imandipweteka kwambiri ndi ina, ndipo ndi imene anthu saikamba kawirikawiri. Si nkhani yongoti ndalama zikupita ku mafuta. Ndi nkhani ya amene amapatsidwa ngongole yotsika mtengo ndi amene amamanidwa.

Mukadzabwera kumudzi, mudzaime tsiku lina pa Nkaya m'boma la Balaka. Mudzamva njanji ikunjenjemera sitima isanaoneke, kenako mabogi oposa 100 odzaza malasha amadutsa limodzi limodzi, fumbi lakuda likugwera pa chimanga cha m'mbali mwa njanji, ana ataleka masewera akuwerenga mpaka kutopa. Malashawo akuchokera ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akudutsa m'dziko lathu kupita ku doko la Nacala, kuti akakwere zombo kupita kunja. Njanji imeneyo inamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, kenako Mitsui ya ku Japan inagulamo gawo, ndipo mu 2017 njanjiyo inapeza ngongole ya madola pafupifupi 2.7 biliyoni, yochokera ku banki ya boma la Japan ya JBIC, ku mabanki a malonda otetezedwa ndi inshulansi ya maboma a Japan ndi South Africa, komanso ku African Development Bank. Sindikunena kuti njanjiyo ilibe phindu kwa ife, chifukwa imanyamulanso katundu wathu ndipo anthu ena anapezapo ntchito. Koma taganizani: ndalama zinapezeka zoboola mapiri kuti malasha adutse. Ndipo ku Moatize kuja mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi ukhalepo, ambiri anawapititsa ku Cateme, kutali ndi msika ndi nthaka yabwino, mpaka mu 2012 anatseka njanji pokwiya. Vale itaganiza zosiya malasha, inagulitsa mgodi ndi njanji ku kampani ya Vulcan pa madola 270 miliyoni. Vale inayera m'mabuku ake, koma sitima ikudutsabe pa Nkaya.

Tsono ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Tsiku lina mu komiti yathu ya ngongole munabwera mafayilo awiri. Yoyamba inali ya kampani yonyamula mafuta, yofuna kuwonjezera matanka. Inali ndi chikole, mabuku ake anali olongosoka, ndipo tinaivomereza tiyi asanazizire. Yachiwiri inali ya kalabu ya alimi, ambiri mwa iwo amayi, ofuna pampu yoyendera dzuwa yothirira dimba lawo m'mbali mwa mtsinje. Tcheyamani wawo anabwera yekha pa minibasi, atavala jekete yochita kubwereka, m'manja muli kope la sukulu lolembamo zokolola za zaka zitatu, tomato madengu angati, anyezi matumba angati, zonse mwaukhondo. Malo awo anali a makolo, opanda chikalata cha umwini, choncho sakanakhala chikole. Ndipo wina mu komitimo anati dera lawo limasefukira madzi, ngongoleyo ndi yoopsa. Tinaikana, ndipo siginecha yanga inali pamenepo. Panalibe munthu woipa mtima m'chipindamo, aliyense ankatsatira malamulo a ntchito. Koma ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti kusefukira kwa madzi kumene tawakanira anthuwa kukukulitsidwa ndi malonda amene tangovomereza kumene. Ndinamva pambuyo pake kuti ena mwa amayi aja anakatenga katapila kuti agule mafuta a injini yakale.

Zimene zinachitika m'chipinda chimenecho n'zimene zikuchitika pakati pa mayiko. Bungwe loona za mphamvu padziko lonse la International Energy Agency limanena kuti kubwereka ndalama zomangira magetsi a dzuwa mu Africa kumadula kawiri kapena katatu kuposa m'mayiko olemera, ndipo Africa imalandira pafupifupi 2 peresenti yokha ya ndalama zimene dziko lapansi limaika ku mphamvu zosawononga chilengedwe, pamene dzuwa lili kuno. Dziko likakanthidwa ndi namondwe, obwereketsa amaliona ngati loopsa, chiwongoladzanja chimakwera, boma limabwereka kuti limangenso mlatho womwewo, kwacha imagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ngongole ya m'madola imalemera pafupifupi kawiri. Kuno kwathu wobwereka ku banki wakhala akulipira chiwongoladzanja choposa 25 peresenti. Ndani angamange ulimi wamthirira pa mtengo wotero? Ngakhale thandizo limene mayiko olemera amati n'la nyengo, gawo lalikulu limabwera ngati ngongole. Thumba lolipira zowonongeka limene linavomerezedwa pa msonkhano wa mayiko wa zanyengo ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022, pa msonkhano wa ku Dubai mu 2023 linalonjezedwa madola pafupifupi 700 miliyoni, a mayiko onse osauka pamodzi. Ndi ndalama imene Malawi yekha ankafuna chifukwa cha namondwe mmodzi.

Mwina banki yanu ikuuzani kuti inasiya kale kupereka ndalama ku migodi yatsopano. Mvetserani bwino mawu ake. Pali ngongole imene imaperekedwa ku pulojekiti yodziwika, yakuti paipi iyi kapena chitsime ichi, ndipo ndi imene mabanki ambiri amati asiya. HSBC inalengeza zotero mu December 2022, Barclays mu February 2024. Koma ndalama zambiri sizidutsa njira imeneyo. Zimadutsa m'ngongole yoperekedwa ku kampani yonse kuti igwiritse ntchito mmene ifunira, kapena m'mabondi, pamene banki imathandiza kampani kubwereka kwa anthu ndi mabungwe ena n'kulandirapo cholowa, ngongoleyo osaoneka n'komwe m'mabuku a banki. Zili ngati kunena kuti sindigulira mwamuna wanga mowa, ndimangomupatsa ndalama ya m'thumba ndikudziwa kumene amapita. Mu October 2022 bungwe loyang'anira zotsatsa malonda ku Britain linaletsa zikwangwani ziwiri za HSBC zonyadira kubzala mitengo ndi kuthandiza za nyengo, chifukwa sizinatchule ndalama zimene bankiyo inkaperekabe ku mafuta.

Malonjezo nawonso sanakhalitse. Mu 2021, chaka chimene International Energy Agency inanena kuti ngati dziko likufuna kukwaniritsa pangano la ku Paris sipakufunikanso minda yatsopano ya mafuta ndi gasi, mabanki anapanga mgwirizano wotchedwa Net-Zero Banking Alliance, wolonjeza kuchepetsa utsi wochokera ku ntchito zimene amakongoza. Mphepo ya ndale itatembenuka ku America, Goldman Sachs inatuluka mu December 2024, anzake anatsatira, JPMorgan Chase inatuluka mu January 2025, kenako a ku Canada, kenako HSBC ndi Barclays, ndipo mu October 2025 mgwirizanowo unatha. Phunziro limene ndinatengapo n'lakuti lonjezo la banki lopanda lamulo kumbuyo kwake limakhala pokhapokha likugwirizana ndi phindu.

Pali funso limene simunafunse koma abale kumudzi adzakufunsani, ndipo ndi funso labwino. Adzati, azungu analemera ndi malasha, lero akutiuza ife kuti tisakhudze? Tikugona pa mizere ya mafuta, magetsi akuzimazima, mabanja oposa 9 pa 10 alionse akuphikira nkhuni ndi makala, ndiye nkhani ikhale yoletsa ngongole? Ine sindili m'gulu la onena kuti Africa isagwiritse ntchito gasi ngakhale pang'ono. Mayi akaphikira gasi m'malo mwa makala, phiri limapuma ndipo chifuwa chake chimapuma. Funso langa limakhala lakuti, mafutawo akupita kuti? Taonani ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Pulojekiti ya gasi ya madola 20 biliyoni ya kampani ya ku France ya TotalEnergies inapeza ngongole ya pafupifupi madola 15 biliyoni mu 2020, yochokera ku mabungwe a maboma olemera ndi mabanki ambiri, ena a ku South Africa. Gasi wake wambiri anagulitsidwa kale kwa makasitomala a ku Asia ndi ku Ulaya. Anthu a m'midzi ya ku Afungi, kumene kuli pulojekitiyo, anasamutsidwa, mu March 2021 zigawenga zinaukira tauni ya Palma n'kupha anthu ambiri, ntchito inaima, koma mu March 2025 banki ya boma la America ya EXIM inavomerezanso ngongole yake ya madola 4.7 biliyoni. Mayi wa ku Pemba, likulu la Cabo Delgado, akuphikirabe makala. Ndiye banki ikamati ikuthandiza chitukuko cha Africa, muzifunsa kuti paipiyo ikuloza kumudzi kapena kudoko.

Ndipo zinthu si zakuda ndi zoyera zokhazokha. TotalEnergies yomweyo ilinso m'gulu la makampani ofuna kumanga magetsi a madzi a Mpatamanga pa mtsinje wa Shire, amene tikuwafuna kwambiri. Magetsi a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti anamangidwanso ndi ndalama za kunja. Sindikufuna kuti mabanki achoke mu Africa. Ndikufuna kuti fayilo yachiwiri ija idzavomerezedwe.

Kodi phokoso la anthu limasintha kanthu? Limasintha, ngakhale silimaliza zonse. Paipi ya mafuta ya EACOP, yotalika makilomita 1,443 kuchokera ku Hoima ku Uganda kukafika ku Tanga ku Tanzania, inakanidwa ndi mabanki akuluakulu oposa 20 chifukwa cha kampeni ya anthu a m'mayiko awiriwo ndi anzawo a kunja, ndipo ophunzira ena a ku Uganda anamangidwa chifukwa chochita zionetsero. Ntchitoyo inachedwa, eni ake anachita kuika ndalama zawo zambiri. Komabe mu March 2025 ngongole inapezeka kuchokera ku mabanki ena, kuphatikizapo Afreximbank ndi Standard Bank. Mukuona kuti si nkhani ya azungu okha, mabanki a mu Africa nawonso ali momwemo. Ku France mabungwe anasumira banki ya BNP Paribas mu February 2023, ndipo patapita miyezi yochepa bankiyo inalengeza kuti isiya kupereka ndalama ku minda yatsopano ya mafuta ndi gasi. Ku Netherlands bungwe la Milieudefensie linasumira banki ya ING mu 2025. Ndipo mu July 2025 khoti lalikulu la mayiko onse ku The Hague linapereka maganizo ake akuti mayiko ali ndi udindo mwalamulo woteteza nyengo, ndipo olephera angafunsidwe kulipira. Milandu imeneyi imayenda ngati kamba, koma mu komiti ya ngongole mawu oti "izi zingatifikitse kukhoti" amamveka kuposa mawu ena alionse.

Tsono nditseke akaunti? Ngati mtima wanu sukupeza mtendere, kusamuka n'kololedwa ndipo ku Britain n'kosavuta. Pali dongosolo lotchedwa Current Account Switch Service limene limasamutsa malipiro ndi mabilu anu onse m'masiku 7 a ntchito, kwaulere. Kuli mabungwe okongoza ndalama za nyumba amene eni ake ndi mamembala, monga Nationwide, komanso mabanki monga Triodos ndi Co-operative Bank amene ali ndi mfundo zokana ngongole za migodi ya malasha ndi mafuta. Koma musathamange. Ngati mukukonzekera kuwonjezera viza, kuitanitsa ana kapena kupempha ngongole ya nyumba, masitetimenti a miyezi ingapo otsatizana amafunika, choncho yambani mwawasunga onse kapena dikirani mpaka nkhaniyo ithe. Ngati muli ndi ngongole pa akaunti yakaleyo, funsani kaye mmene idzayendere. Onetsetsani kuti kumene mukupitako ndalama zanu n'zotetezedwa ndi Financial Services Compensation Scheme, dongosolo loteteza osunga ndalama banki ikagwa, ndiponso kuti njira yanu yotumizira ndalama kumudzi idzagwirabe ntchito.

Mukasamuka, musachoke mwakachetechete. Akaunti imodzi ikatsekedwa banki siimva n'komwe. Kalata imamveka. Alembereni kuti ndinu wa ku Phalombe, mutchule Freddy, munene chifukwa chimene mukuchokera. Makalata otere amawerengedwa ndi kuikidwa m'malipoti opita kwa akuluakulu, ndinaziona ndekha. Mukatsala, muli ndi ufulu womwewo wolemba ndi kufunsa kuti mabondi a makampani ati amene bankiyo yathandiza kugulitsa chaka chino. Ngati mumapemphera ku mpingo wa Amalawi kapena muli m'gulu la anamwino ndi osamalira okalamba, kambiranani kuti akaunti ya gululo ili kuti. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Kumene ndalama zanu zimakhudzana kwambiri ndi makampani a mafuta mwina si ku akaunti, koma ku penshoni imene amakudulani kuntchito. Ndalama imeneyo imagula masheya mwachindunji. Makampani ambiri a penshoni ali ndi thumba lina losankha kumene limaika ndalama, ndipo mungapemphe kusamukirako. Apa pokha ndikupemphani kuti musachite nokha. Lankhulani ndi mlangizi wa zachuma wovomerezeka, kapena yambani ndi MoneyHelper imene imalangiza kwaulere, makamaka ngati mukuganiza zodzabwerera kumudzi musanakalambe. Ndipo chenjerani ndi anthu a pa WhatsApp ndi Facebook olonjeza phindu lalikulu pa minda ya mitengo, magetsi a dzuwa kapena malonda a kaboni. Amadziwa kusaka anthu a mtima wabwino amene ali pa chisoni. Aliyense wofuna ndalama zanu muyambe mwamufufuza m'kaundula wa Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku Britain, ndipo ngati ali kuno kumudzi, funsani ku Reserve Bank of Malawi ngati ali ndi chiphaso.

Za tulo zija sindikuzitenga mopepuka. Ndikukayika ngati ndi banki yokha imene ikukudzutsani usiku. Zikwangwani zija zinakanda pa bala limene linali lisanapole. Ngati papita milungu iwiri kapena itatu musakugona, chakudya chisakulowa, kapena mukulephera kugwira ntchito, pitani kwa dokotala wanu mukamuuze za mlongo wanu monga mwandiuzira ine. Kuli alangizi a anthu oferedwa, ndipo abusa kapena amayi a mvano a kumpingo kwanu angakhale nanu. Mabanja ena amene sanapeze matupi a abale awo anachitabe mwambo wokumbukira, ndipo kwa ambiri unathandiza.

Ndalama ya nyumba ya mayi musaigwedeze chifukwa cha nkhani imeneyi, ikhale pamalo otetezeka mpaka itakwana. Musanagule njerwa, tumani munthu wodalirika ku ofesi ya DC ku Phalombe, akafunse kwa oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ngati malo akalewo ali m'dera limene anthu analangizidwa kusamukamo. Mayi angakane, chifukwa pamenepo pali manda a makolo ndi munda wawo, ndipo kukambirana kumeneko kudzafuna amalume ndi amfumu, osati foni imodzi yochokera ku Leeds. Ngati malowo ali m'njira ya madzi, yambani ndi kupeza malo okwera, maziko akhale a miyala ndi simenti, okwera kufika m'bondo, ndipo ngalande yopatutsa madzi ikumbidwe denga lisanakwere.